Galu wa Gogo ndi Kusungulumwa kwa Adamu

Galu akalowa m'tchalitchi cha kumudzi nthawi ya Misa, zotsatira zake n'zodziwika kale. Mkulu wa mpingo amadzuka mwakachetechete, ana amacheuka, wina amakankha ndi phazi, ndipo galuyo amatuluka atapinda mchira, kukadikira mbuye wake patsinde pa mtengo. Palibe amene amadabwa. Kwa Amalawi ambiri galu ndi wa panja: amadya mkute ndi gaga, amagona paphulusa, ndipo dzina lake ndilo limakhala pafupi munthu akafuna kutukwana mnzake. Komatu galu wathamangitsidwayo wayenda mtunda wautali kutsata gogo wina kuchokera kumudzi, ndipo Misa ikatha abwerera naye. Pa onse amene adali m'tchalitchimo, mwina ndiye yekha amene akamufikitse pakhomo.

Ku Nzama, m'mapiri a m'boma la Ntcheu kufupi ndi malire a Mozambique, ndi malo abwino kuganizirapo za nkhaniyi. Kuno ndi kumene ansembe atatu a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Auguste Prézeau ndi Antoine Winnen, adafika mu Julayi 1901, mfumu Njobvuyalema n'kuwapatsa malo. Ansembe a White Fathers adayesapo kale kwa Mponda mu 1889 koma adachokako mu 1891, kotero Nzama ndiyo mishoni yoyamba ya Akatolika imene idazika mizu m'dziko muno. Kwa zaka zoposa 120 anthu a kuno akhala akumva za mzimu wa munthu, za ulemu wake, za kulengedwa kwake m'chifaniziro cha Mulungu. Za galu, mphaka ndi nkhunda za pakhomo zimamveka mwa apo ndi apo. Tsono lero madokotala akunena kuti kukhala ndi ziweto zotere kumathandiza mtima ndi maganizo a munthu. Wokhulupirira sangangomva zimenezi n'kudutsa. Kodi nyama yopanda chilankhulo ndi yosadziwa pemphero ingachize munthu? Nanga n'koyenera kuikonda, m'dziko limene ana ena amagona ndi njala?

Zimene madokotala adapeza n'zofunika kuzimva bwino, chifukwa ambiri amazikokomeza. Mu 1980, Erika Friedmann ndi anzake a ku America adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 92 amene adagonekedwa m'chipatala ndi matenda aakulu a mtima. Patatha chaka chimodzi, mwa anthu 53 amene adali ndi chiweto cha panyumba adamwalira 3. Mwa 39 amene adalibe, adamwalira 11. Anthuwo adali ochepa, koma kusiyanako kudadzidzimutsa ambiri ndipo kudatsegula njira ya kafukufuku wina wochuluka. Wamkulu koposa ndi wa mu 2017 pa yunivesite ya Uppsala ku Sweden, kumene lamulo limafuna kuti galu aliyense alembedwe m'kaundula. Akatswiri adatsatira mbiri ya umoyo wa anthu oposa 3.4 miliyoni kwa zaka pafupifupi 12. Adapeza kuti pakati pa anthu okhala okha m'nyumba, amene adali ndi galu adali ndi chiopsezo cha imfa chotsika ndi 33 pa 100 poyerekeza ndi anzawo opanda galu. Mawu oti "okhala okha" ndiwo ofunika kuwagwiritsitsa pamenepa.

Ku Japan, Takefumi Kikusui ndi anzake a pa yunivesite ya Azabu adayang'ana m'kati mwa thupi. Mu 2015 adaonetsa kuti galu ndi mbuye wake akamayang'anizana m'maso kwa kanthawi, timadzi ta m'thupi totchedwa oxytocin timachuluka mwa onse awiri. Ndi timadzi tomwe timachuluka mayi akamayamwitsa ndi kuyang'ana khanda lake. Mimbulu yoleredwa ndi anthu itayesedwa, zimenezi sizidachitike. Pali kanthu kena kamene kadakula pakati pa galu ndi munthu m'zaka zikwi zambiri zokhalira pamodzi, ndipo kamaoneka m'matupi a onse awiri.

Bungwe la American Heart Association lidasonkhanitsa maumboni onsewa mu 2013, ndipo lidalankhula mosamala. Lidati kukhala ndi chiweto, makamaka galu, kukuoneka kuti kumayendera limodzi ndi kuchepa kwa matenda a mtima, koma sizidatsimikizike kuti galuyo ndiye amachititsa. Mwina anthu athanzi kale ndi amene amakonda kuweta agalu. Lidachenjezanso kuti munthu asatenge chiweto pofuna kungochiza mtima wake. Chenjezo limeneli lidaperekedwa ngati nkhani ya zachipatala, koma m'kati mwake muli phunziro la chikhalidwe: galu si mbulu wa mankhwala woti umeze.

Munthu wa ku Nzama akamva za kafukufuku wa ku Sweden ayenera kupeta, kuti mankhusu apite. Gawo lalikulu la phindu la galu ku Ulaya n'lakuti amakakamiza mbuye wake kuyenda wapansi m'mawa ndi madzulo, munthu amene bwenzi atakhala pampando tsiku lonse. Mlimi wa mbatatesi ndi kabichi wa m'mapiri a Ntcheu safuna galu kuti amuyendetse. Amayenda kupita kudimba, kuchigayo, kumjigo, kumsika, atasenza katundu pamutu kapena akukankha njinga pachitunda. Komabe matenda a kuthamanga kwa magazi sadamulambalale. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi adali ndi vutoli, ndipo ambiri samadziwa n'komwe. Ukachotsa za kuyendazo, chimene chimatsala m'lichero ndi nkhawa, mantha ndi kusungulumwa. Pamenepo ndi pamene galu wa kumudzi amagwira ntchito yake.

Ntcheu ndi boma limene ana ake akhala akuchoka kuyambira kale: dzana kumigodi ya ku Joni ndi kumafamu a ku Rhodesia, lero ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku South Africa komweko. Pakhomo pamatsala nkhalamba, nthawi zina ndi tidzukulu, nthawi zina yokha. Usiku wa munthu wotere ndi wautali. Chitseko chikagogoda ndi mphepo amaganiza za akuba mbuzi, ndipo tulo timabalalika mpaka tambala woyamba. Pakhomo pakakhala galu, mwini nyumba amagona podziwa kuti pali makutu ena amene sakugona. Tulo tabwino ndi mankhwala a mtima, ndipo dokotala aliyense angavomereze. Palinso china chimene anthu a m'banja lalikulu sachiganizira. Munthu wokhala yekha amachita ulesi kukoleza moto n'kuphika nsima ya pakamwa pamodzi, ndipo ambiri amangogona atamwa madzi. Koma pakakhala kagalu kamene kakudikira pakhomo pa khitchini, moto umayaka, poto amatereka, ndipo onse awiri amadya. Amene sadakhalepo yekha angaone ngati zazing'ono. Kwa nkhalamba yamasiye, kukhala ndi chamoyo chimene chikukuyembekezera m'mawa ndi chifukwa chokwanira chodzukira.

Chodabwitsa n'chakuti Baibulo lidafika pa mfundo imeneyi kalekale, pa mutu 2 wa buku la Genesis, pandime imene imawerengedwa pa maukwati ambiri koma mothamanga. Mulungu ataona kuti kukhala yekha sikumukomera munthu, sadayambe ndi kulenga mkazi. Adayamba waumba nyama ndi mbalame, n'kubwera nazo kwa Adamu kuti azitche maina. Pambuyo pake, poona kuti pakati pa zonsezo padalibe womuyenera kwenikweni, ndi pamene adalenga Hava. Mlaliki amakonda kulumphira kwa Hava, poti mkwati ndi mkwatibwi akudikira. Koma ndondomeko ya nkhaniyi ili ndi tanthauzo. Nyama zidabwera ngati yankho loyamba la Mulungu pa kusungulumwa kwa munthu. Lidali yankho loona, losakwanira koma loona, pakuti Mulungu sapereka zinthu zongoyesera. Ndipo ntchito yoyamba imene Adamu adachita nazo sidali kuzipha kapena kuzigulitsa. Adazipatsa maina.

Mwambo wotcha maina umenewu sudathe. M'midzi ya ku Ntcheu muli a Tayiga ndi a Popi ambirimbiri, komanso muli agalu a maina olankhula, amene mwini wake amaitana mokweza madzulo kuti mnansi amene adamulakwira amve uthenga popanda kukangana naye maso ndi maso. Galu wotere amasenza madandaulo a mbuye wake tsiku ndi tsiku.

Makolo a Achewa adali ndi nkhani yawo, imene wansembe wina wa chipani chomwecho cha Montfort, Matthew Schoffeleers, adailemba m'mabuku ake a za chipembedzo cha makolo. Pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, Chauta adatsika ndi mvula pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, ndipo onse ankakhala mwamtendere. Tsiku lina munthu adapekesa timitengo, moto udabuka n'kutentha tchire. Nyama zidathawira kuthengo zili ndi mkwiyo, Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, koma galu ndi mbuzi zidathawira kwa munthu kuti aziteteze. M'nkhaniyi galu sadagwidwe ukapolo. Adabwera yekha kudzapempha malo pa tsiku limene chilengedwe chonse chidatembenukira munthu msana. Pa chikhalidwe cha kuno, wothawira pakhomo pako ali m'manja mwako, ndipo kumuzunza ndi chamanyazi. Angoni a kwa Gomani nawo amadziwa kuti chiweto si chuma chokha. Khola la ng'ombe lidali pamtima pa mudzi, pomwe akuluakulu ankalankhulira ndi mizimu, ndipo mnyamata wobusa ankadziwa ng'ombe iliyonse ndi dzina, mtundu ndi khalidwe lake.

Malembo ali ndi zitsanzo zina. Mneneri Natani, pofuna kudzudzula mfumu Davide pa 2 Samuele 12, adasimba za mmphawi amene adali ndi kankhosa kamodzi kokha, kamene kankadya m'mbale yake, kumwera m'chikho chake ndi kugona pachifuwa pake ngati mwana. Davide atamva kuti wolemera adakalanda n'kukaphera mlendo, adapsa mtima kwambiri. Mneneriyo sadaseke mmphawiyo kuti ankakonda nyama mopitirira. Nkhani yonse yaima pa mfundo yakuti chikondi chimenecho chidali cholemekezeka, ndipo wochiphwanya adachimwa. M'buku la Tobiti, limene lili m'Baibulo la Akatolika, galu amatsagana ndi Tobiyasi ndi mngelo Rafaele ulendo wonse, kupita ndi kubwera. Ndipo m'fanizo la Yesu pa Luka 16, amene ankafika pafupi ndi zilonda za Lazaro, wolemera uja akudya m'nyumba, adali agalu.

Anthu anzeru a ku Ulaya adakangana pa nkhaniyi kwa zaka mazana. René Descartes, m'zaka za m'ma 1600, ankaphunzitsa kuti nyama zili ngati makina opanda maganizo. Thomas Aquinas, zaka zoposa 300 Descartes asanabwere, ankavomereza kuti nyama zili ndi moyo womva ndi wozindikira, ngakhale zilibe nzeru zolingalira monga munthu, ndipo ankati wozolowera kuchitira nkhanza nyama amafika pochitira nkhanza anthu. Jeremy Bentham mu 1789 adasuntha funso lonse: chofunika si kudziwa ngati nyama zimaganiza kapena kulankhula, koma ngati zimamva ululu. Mwana aliyense amene adagendapo galu n'kumva kulira kwake amadziwa kale yankho la Bentham. Ndipo ngati Descartes adalondola, zimene adapeza a Kikusui sizikadatheka, chifukwa thupi la galu silikadasintha poyang'ana mbuye wake.

Komabe pali chotsutsa cholemera, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene adatuluka mu 1992, pa ndime 2415 mpaka 2418 amaphunzitsa kuti nyama ndi zolengedwa za Mulungu zoyenera kuchitiridwa chifundo, ndipo kuzizunza kapena kuzipha popanda chifukwa kumachotsa ulemu wa munthu mwini. Pomwepo amachenjezanso kuti si bwino kuwonongera nyama ndalama zimene zikadayamba zathandiza anthu ovutika, ndipo chikondi choyenera anthu chisapatsidwe kwa nyama. Papa Francis, yemwe mu 2015 adalemba kalata ya Laudato si' yoteteza chilengedwe, ndi yemwenso pa 5 Januwale 2022 adadzudzula mabanja amene amasankha agalu ndi amphaka m'malo mwa ana. M'dziko limene njala amaitcha galu wakuda, mawu amenewa amamveka. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuli nyumba zimene galu amadya nyama tsiku lililonse, mlonda amene amamupatsa chakudyacho atadya bonya, malipiro ake osafika pa mtengo wa chakudya cha galuyo. Pamenepo pali chosalungama chenicheni, ndipo wolakwa si galu.

Koma chenjezo limenelo, likafika ku Nzama, limapeza nkhani ina. Kuno palibe amene akumana mwana phala kuti agulire galu sopo. Tchimo lofala ndi la mbali inayo: galu wa nthiti zowerengeka, wodzaza nkhupakupa ndi utitiri, womangidwa ndi waya m'khosi, kapena womanidwa dala chakudya poti akuti wanjala ndiye amalusa. Tiana ta agalu tikachuluka timatayidwa kudambo. Munthu amafuna kuti galu amulondere usiku wonse, koma akadwala mphere amamuthamangitsa ndi miyala. Mlaliki amene angabwereze mawu a Papa a mu 2022 pa guwa la kumudzi popanda kuwonjezera ndime ya chifundo ija, wapereka mankhwala a matenda amene anthu ake sakudwala.

Mphaka ali ndi tsoka lake lapadera. Amateteza nkhokwe ku makoswe, ndipo kwa nkhalamba imene miyendo idafooka ndi bwenzi losavuta, lofunda m'nyengo ya chisanu cha Juni ndi Julayi chimene chimaluma m'mapiri a Ntcheu. Koma gogo wokhala yekha, wolankhula ndi mphaka wake, amatha kuyamba kulozedwa zala kuti ndi mfiti. Apa nkhanza zafika pachimake. Anthu amusiya yekha, iye wapeza chomutonthoza, ndipo chomutonthozacho achisandutsa umboni womuimbira mlandu. Lamulo la Witchcraft Act la mu 1911, limene likugwirabe ntchito, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe nkhalamba zikumenyedwa ndi kuphedwa m'maboma osiyanasiyana pa nkhani zomwezi. Mphakati uliwonse umene uli ndi gogo wotere uyenera kudzifunsa kuti adafika bwanji pocheza ndi mphaka yekha. Akale adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Mphaka wachita mbali yake mokhulupirika. Mbali ya Hava, ya munthu mnzake woti amuyankhe ndi mawu, ndi imene yasowa, ndipo imeneyo chiweto sichingaigwire. Galu sangatengere mbuye wake kuchipatala, sangamufolerere denga, sangapemphere naye, ndipo sangamuuze kuti walakwa.

Nkhani ya umoyo ili ndi mbali ina yowawa, imene mabuku a ku Sweden safunika kuitchula koma Mmalawi sangailumphe. Ndi chiwewe. Bungwe la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka pa dziko lonse, ambiri a mu Africa ndi Asia. Pafupifupi 99 pa 100 alionse amawatenga kwa agalu, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osafika zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, kuopa madzi, kulusa, kutuluka dovu, palibe mankhwala, ndipo imfa yake ndi yomvetsa chisoni zedi. Galu yemwe angatsitse kuthamanga kwa magazi a gogo angathenso kupha mdzukulu wake. Mu 2012 madokotala a pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre adalemba za kuchuluka kwa ana omwalira ndi chiwewe. Bungwe la Mission Rabies, logwirizana ndi boma, lidayamba ntchito mumzindawo mu 2015, ndipo m'masiku 20 agalu oposa 35,000 adabayidwa katemera. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akamabayidwa chaka ndi chaka, matendawa amasowa podutsa. Kale galu mmodzi akachita chiwewe, mudzi unkapha agalu onse. Njira imeneyo sithandiza, chifukwa agalu atsopano osabayidwa amadzaza malowo msanga. Galu wobayidwa ndiye mpanda woteteza ana.

Apa chikhulupiriro ndi sayansi zikunena chimodzi. Phindu limene munthu amapeza kwa chiweto limadalira zimene iye amachichitira. Galu wodyetsedwa, wobayidwa katemera, wochotsedwa nkhupakupa ndi njoka za m'mimba, amene ana adaphunzitsidwa kusamugenda, sathawa pakhomo kukalimbana ndi ankhandwe, salusira ana, ndipo amayang'ana mbuye wake m'maso. Galu womenyedwa amayang'ana pansi. Timadzi tija ta oxytocin sitingachuluke pakati pa awiri amene mmodzi amaopa mnzake. Akuluakulu ankanena zofanana za nkhunda, kuti sizikhala pakhomo pa ndewu.

Mpingo uli ndi zida zothandizira pa zimenezi zimene boma lilibe: belu, bwalo, chilengezo cha Lamulungu, ndi mphakati m'mudzi uliwonse. Kalendala nayo idaika zinthu moyandikana. Pa 28 Seputembala, tsiku limene Louis Pasteur, wotulukira katemera wa chiwewe, adamwalira mu 1895, dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi matendawa. Masiku 6 pambuyo pake, pa 4 Okutobala, Akatolika amachita chaka cha Francis Woyera wa ku Assisi, ndipo m'maiko ambiri anthu amabwera ndi ziweto zawo kutchalitchi kuti wansembe azidalitse. Palibe chimene chingaletse parishi ya Nzama ndi nthambi zake kumanga masiku awiriwa pamodzi: wansembe ndi madzi odalitsa mbali ino, mlangizi wa ziweto wa boma ndi bokosi la katemera mbali inayo, anyamata akubwera ndi agalu pazingwe monga amachitira ku Blantyre. Katekisiti angatengerepo mwayi kuuza makolo zimene ambiri sadziwa, kuti mwana akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu, bala litsukidwe ndi madzi ambiri ndi sopo kwa mphindi 15, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galuyo ayambe misala. A mphakati nawo angalembe maina a nkhalamba zimene sizingathe kubweretsa agalu ndi amphaka awo, kuti achinyamata akawatengere. Popita kukatenga galuyo adzalowa m'nyumba, adzapereka moni, ndipo adzaona ngati muli ufa.